Msewu wa kumudzi umafera pa kalavati

Mlimi wa nandolo akadandaula kuti mavenda akumubera, ambiri timathamangira kuloza sikelo. Sikelo zachinyengo zilipodi, koma ine, poti ntchito yanga ndi yomanga misewu, ndimayamba ndafunsa kuti kodi lole imafika m'mudzimo?

Mtengo umene mlimi amalandira ndi wa ku Limbe kapena ku Lilongwe atachotsapo ya mayendedwe. Msewu ukakhala wamaenje okhaokha, mwini lole amawerengera dizilo, matayala ndi masipuling'i othyoka, ndipo zonsezo zimadulidwa pa thumba la mlimi. Ogulanso amachepa. Kukafika venda mmodzi yekha, mtengo amatchula ndi iyeyo, pakuti munthu amene wakankha matumba awiri pa njinga kuyambira mbandakucha sangabwerere nawo kunyumba. Feteleza naye amadzera njira yomweyo, n'kufika atakwera. Ndiye kuti mlimi akugula modula, kugulitsa motchipa.

Ku Ethiopia akatswiri anatsatira mabanja a m'midzi 15 kuyambira 1994 mpaka 2004, ndipo anapeza kuti kumene kunali msewu wodutsika chaka chonse umphawi unatsika ndi pafupifupi 7 pa 100 alionse. Taonani mawuwo: wodutsika chaka chonse, osati wa tala ayi. Koma tisakokomeze. Dziko la India linayamba ntchito yaikulu yomanga misewu ya m'midzi mu 2000, ndipo kafukufuku wina anaonetsa kuti m'midzi yaing'ono misewuyo inathandiza kwambiri anthu kupita kukagwira maganyu kwina, pamene chuma cha m'mudzimo sichinasinthe kwenikweni m'zaka zoyambirira. Msewu umatsegula njira, koma pafunikanso choti chidutsepo.

Mdani wa msewu wafumbi si galimoto, ndi madzi. Msewu wabwino umakhala wokwera pang'ono pakati ngati msana wa ng'ombe kuti mvula itsetserekere m'ngalande za m'mbali, ndipo ngalandezo zimapereka madzi ku kalavati, chipaipi chija chodutsa pansi pa msewu. Pitani mukasuzumiremo mwezi wa Okutobala. Mupezamo mchenga, mapesi, majumbo, mwinanso wina walima mizere mpaka kutseka ngalande. Mvula yoyamba ikagwa madzi amasowa kolowera, amadumpha pamwamba, n'kuyamba kukokolola dothi kunsi kwake. Pofika Febuluwale pali chigwembe choti ambulansi siingadutse, ndipo mayi wodwala amuolotsa pa machira. Makilomita 20 a msewu wabwinobwino afera pa mamita asanu, pa vuto limene anthu awiri a fosholo akanalithetsa tsiku limodzi.

Ndalama zokonzera misewu kuno kwathu zimachokera makamaka pa msonkho umene timalipira pa lita iliyonse ya petulo ndi dizilo, kuphatikizapo za pa zipata zolipiritsa za Chingeni ndi Kalinyeke pa M1. Amasunga ndi a Roads Fund Administration, pamene misewu ikuluikulu amayang'anira ndi a Roads Authority. Mpikisano wa ndalamazi ndi waukulu, makamaka chichokereni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, yemwe anagumula milatho ndi misewu yambiri m'chigawo chakumwera. Pa mpikisano wotere kukonza ngalande kumatsalira, chifukwa palibe amene amaviniridwa ndi amayi potsegulira kalavati yochotsedwa mchenga.

Kwa ine, khonsolo ikakhala ndi ndalama zochepa iyambe yayendera malo amene msewu umadukira chaka ndi chaka: kamlatho ka mitengo kaja, dambo lija lomwe malole amatitimira. Malo amenewa a kabaza amawadziwa onse pamtima, ndipo komiti ya chitukuko ya m'mudzi ingawalembe pa pepala limodzi mvula isanagwe.