Chifukwa chake mabanja amakagona m'mbali mwa msewu kudikira njinga

Kuno ku Angónia njinga ndi ya ntchito basi, kusenza matumba a mbatatesi, makala, kapena wodwala kuthamangira naye kuchipatala. Nde anthu akamaonera Tour de France, mpikisano waukulu wa njinga wa ku France, pa TV m'mabaraka a ku Ulongue mwezi wa July funso limakhala lomwelomwelo, kodi azungu awa alibe zochita? Bambo, mayi, ana mpaka agogo ali mbweee m'mbali mwa msewu paphiri, ena anamanga matenti dzulo lake, mbaula ya nyama ikufuka, koma anjingawo akafika ndi fyuuu basi adutsa.

Mwambowu unayamba kale. Mpikisano unayambitsidwa mu 1903 ndi nyuzipepala ya ku France yotchedwa L'Auto, mkulu wake Henri Desgrange amangofuna nyuzi yake izigulidwa kuposa ya anzake. Anthu 60 ananyamuka, anamaliza 21 okha, wopambana anali Maurice Garin. Chomwe chinakoka anthu wamba nchakuti panalibe geti. Ku mpira umalipira pakhomo koma apa masewera amabwera okha pamudzi panu, mlimi amangosiya khasu nkuima pamsewu ndi ana ake, mpaka lero kuonera m'mbali mwa msewu ndi ulele.

Musaganize kuti anali aulemu ngati mukuwaona panopa ayi. Mu 1904 anthu a kudera lina anatchinga msewu usiku nkuyamba kumenya opikisana kuti mwana wa kwawo adutse yekha, opalasa enanso anawaimba mlandu wokwera sitima panjira, mapeto ake anayi oyambirira onse anawachotsa, Garin yemwe, chikho nkupatsa mnyamata wa zaka 19 Henri Cornet. Chaka chotsatira anthu anamwaza misomali mumsewu matayala kuphulika.

Malaya achikasu omwe amavala wotsogola pa mpikisanowu anabwera mu 1919.

Koma chomwe chinakoka ana kwenikweni, ine ndikuona, ndi mdipiti wa magalimoto otsatsa malonda womwe unayamba mu 1930. Desgrange anatopa ndi makampani opanga njinga omwe amakonza okha wopambana, nde anati matimu azikhala a mayiko, ndalama zoyendetsera mpikisano zizichoka kwa amalonda olipira kuti adutse patsogolo. Magalimoto amenewa amadutsa njinga zisanafike, nyimbo phokoso, akuponya zipewa, maswiti, timabisiketi, ana nkumalimbirana pansi, ndi makolo omwe osachita manyazi. Mwana wa zaka zisanu sadziwa kuti katswiri wa njinga Tadej Pogačar ndani, iye wabwerera chipewa.

Ku Africa kunonso zilipo, si za azungu okha. Ku Rwanda anthu amadzaza misewu ya Kigali pa Tour du Rwanda, ndipo mu September 2025 mpikisano wa njinga wa dziko lonse lapansi unachitikira komweko koyamba mu Africa, Tadej Pogačar ndi amene anatenga kwa amuna. Biniam Girmay wa ku Eritrea anatenga malaya obiriwira, a wosonkhanitsa mapointi ambiri, pa Tour de France mu 2024. Ifeyo phiri tili nalo kale, tangoganizani kunyamuka mu kutentha kwa mzinda wa Tete, kudutsa Moatize, nkuyamba kukwera mpaka kuzizira kwa Angónia, anyamata onyamula matumba atatu aja atapatsidwa njinga yopepuka sindikukhulupirira kuti angatichititse manyazi.

Vuto ndi ziweto. Achikulire omwe ankamvera wailesi ya Chipwitikizi mwina akukumbukira dzina la Joaquim Agostinho wa ku Portugal, amene anakhalapo msilikali kuno ku Mozambique nthawi ya atsamunda asanatchuke pa njinga. Anakhala wachitatu pa Tour de France mu 1978 ndi 1979, anapambananso paphiri la Alpe d'Huez. Mu 1984 akutsogola pa Volta ao Algarve, mpikisano wa ku Portugal, galu analowa mumsewu pafupi ndi pomalizira ku Quarteira, iye nkugwa kumenyetsa mutu alibe chisoti. Anadzuka nkumaliza ndithu, koma patapita masiku 10 anamwalira kuchipatala ku Lisboa. Zisoti anadzazikakamiza mu 2003 wopalasa wina atafanso pa mpikisano wa Paris-Nice ku France. Nde musanayambe kuitana mpikisano kuno, tiuzeni kaye amene akamange mbuzi zonse za ku Mussacama.