Mbiri ya nyumba youmbira mbiya ya Leach ku St Ives

M'tauni ya asodzi ya St Ives, m'chigawo cha Cornwall kumwera chakumadzulo kwa England, muli nyumba youmbira mbiya yomwe idatsegulidwa mu 1920 ndi amuna awiri, Bernard Leach ndi Shoji Hamada. Leach adabadwira ku Hong Kong mu 1887 ndipo luso loumba adaliphunzira ku Japan, choncho popita ku England adatsagana ndi Hamada, mnzake wa ku Japan komweko. Ndi ndalama zomwe adapereka mayi Frances Horne, awiriwa adamanga ng'anjo ya zipinda zitatu yotsata chitunda, kuti moto uzikwera kuchoka m'chipinda cham'munsi kukafika cham'mwamba.

Chiyambi chidali chowawa. Nkhuni ku Cornwall n'zosowa, dongo loyenera lidavuta kupeza, ndipo mbiya zambiri zinkatuluka pamoto zitang'aluka, mpaka mu 1923 mmisiri wina wa ku Japan, Tsurunosuke Matsubayashi, adaimanganso ng'anjoyo. Chaka chomwecho Hamada adabwerera kwawo.

Vuto lalikulu komabe silidali la moto. Leach ankaphunzitsa kuti mbiya yabwino ndi ya mmisiri wa kumudzi wosadziwika dzina, imene anthu amadyeramo ndi kumweramo tsiku ndi tsiku, koma mbiya za Leach mwiniyo zinkagulitsidwa pa zionetsero ku London pa mitengo imene msodzi wa ku St Ives sakadaikwanitsa, ndipo ngakhale zidali choncho ndalama sizinkakwanira kuyendetsera ntchito. Amene adathetsa vutoli ndi mwana wake David, yemwe mu 1934 adapita kukaphunzira ku Stoke-on-Trent, kuchimake kwa mafakitale a mbale amene bambo ake sankagwirizana nawo. Atabwerako mu 1937 adayamba kuotcha ndi mafuta m'malo mwa nkhuni, nakhazikitsa mndandanda wa ziwiya za masiku onse monga makapu, mbale, mitsuko ndi miphika, chilichonse chokhala ndi muyeso wake ndi mtengo wofikirika.

Ine ndimaona kuti apa m'pamene nyumbayi idasanduka mudzi wa oumba. Anyamata a m'deralo adayamba kulembedwa ngati ophunzira ntchito, woyamba mwa iwo William Marshall mu 1938, amene adakhalapo pafupifupi zaka 40. Wophunzira ankayamba ndi kukanda dongo, kenaka n'kukhala pa gudumu loumbira kubwereza kapu imodzimodziyo kambirimbiri, ndipo iliyonse yosafika pa muyeso inkaphwanyidwa n'kubwezeredwa ku dongo. Chiwiya chimodzi chinkadutsa m'manja ambiri, wina kuumba, wina kumata chogwirira, wina kuviika m'mankhwala ochititsa kunyezimira, wina kuchezera pa ng'anjo usiku, n'chifukwa chake pansi pake pankadindidwa chidindo cha nyumbayo, osati dzina la munthu. Mbiya zakezake woumba ankaziumba ntchito ya onse ikatha. Pa nthawi ya tiyi ankakhala pamodzi pafupi ndi moto, Leach atanyamula mbiya m'manja, akukambirana chimene chaikongoletsa kapena chaiwononga.

Odutsa pa nyumbayi adafalitsa mwambowu kutali. Michael Cardew, amene adafika mu 1923, adakakhazikitsa malo ophunzitsira kuumba ku Abuja wakale, komwe lero ndi Suleja ku Nigeria, ndipo kumeneko mu 1954 kudalowa Ladi Kwali, mayi yemwe adali kale katswiri woumba mitsuko ndi manja monga amachitira amayi a kwathu kuno. Chithunzi cha mayiyu chili pa ndalama ya ku Nigeria ya 20 naira.

Leach atamwalira mu 1979, mkazi wake Janet adasiya kuumbitsa ziwiya za masiku onse zija n'kulimbikira mbiya zake, kufikira imfa yake mu 1997. Nyumbayi idakonzedwanso n'kutsegulidwa mu 2008, ndipo ng'anjo yakale ija tsopano ndi yongoonetsa alendo, pamene m'chipinda chatsopano pambali pake ophunzira ntchito adayambiranso kuumba makapu ndi mbale za muyeso umodzi zodindidwa chidindo cha nyumbayo.