Akabwerera kale m'filimu, amene amalipira ndi a pabanja

Achinyamata amene ndimawaphunzitsa kulemba masewero kuno ku Nchalo akaonera filimu ya munthu wobwerera ku zaka zakale amakonda kufunsa kuti: ngati makina ali nawo, bwanji osangobwerera n'kukonza zonse, filimu n'kuthera pomwepo? Wolemba waluso amayankha funsoli asanaganize n'komwe za makina. Amayamba waika lamulo: kodi zimene zinachitika zingasinthike? Nanga zikasinthika, ndani alipire? Mukaonetsetsa, ngongoleyo nthawi zambiri imagwera mayi, bambo kapena mwana wa mtengambali wamkulu.

Taonani Back to the Future ya 1985, imene anatsogolera Robert Zemeckis. Marty McFly, mnyamata wa zaka 17, akwera galimoto ya DeLorean n'kupezeka ali mu 1955, makolo ake akadali pasukulu. Mosadziwa asokoneza tsiku limene awiriwo anayenera kudziwana, ndipo mayi ake ayamba kumufuna iyeyo. Malaulo enieni. Pofuna kuti woonera amvetse kuopsa kwake popanda kufotokoza zambiri, olemba anamupatsa Marty chithunzi cha iye, mkulu wake ndi mlongo wake. Akachitulutsa m'thumba apeza mutu wa mkulu wake wafufutika, kenako thupi lonse, kenako mlongo wake. Makolo akapanda kukwatirana, anawo sabadwa.

Ambiri amati filimuyi inatha bwino. Marty abwerera mu 1985 n'kupeza bambo ake, amene anali amantha, tsopano ndi wolemba mabuku wodzidalira, nyumba yasintha, ndipo Biff amene ankawavutitsa akupukuta galimoto pabwalo. Ine mathero amenewa amandisowetsa mtendere. Marty akukumbukira ubwana umene wina aliyense m'nyumbamo sakuudziwa. Makolo amene anamulera, ndi zofooka zawo zonse, kulibenso, ndipo iye adzadya nsima ndi anthu ofanana nawo nkhope basi. Filimuyi ndi yanthabwala, motero mfundo imeneyi inangoidumpha.

Imene sinaidumphe ndi About Time ya 2013, ya Richard Curtis. Mulibe makina. Tim atakwanitsa zaka 21, bambo ake amuuza kuti amuna a m'banja mwawo amatha kubwerera ku tsiku lililonse la moyo wawo: kungolowa pamalo amdima, kufumbata manja, n'kuganizira tsikulo. Poyamba amagwiritsa ntchito mphatsoyi pofunsira mbeta, akalankhula zopusa n'kubwerera kukakonza. Nkhani imalemera pamene mlongo wake Kit Kat achita ngozi ya galimoto chifukwa cha mowa ndi chibwenzi chomuzunza. Tim abwerera naye ku usiku umene anakumana ndi mwamunayo, n'kuletsa kuti asadziwane. Zatheka. Afika kunyumba ali wosangalala, apita kukanyamula mwana wake wamkazi Posy, koma amene akumupeza ndi mwana wamwamuna amene sanamuonepo.

Apa wolemba anatsamira pa zoona zenizeni za kubereka. Mimba ikatengedwa mphindi ina, imakhala mbewu ina, ndipo mwana amene abadwe ndi wina. Choncho chilichonse chimene Tim angasinthe mwana asanabadwe chingathe kumuchotsa mwanayo. Abwereranso, alola kuti ngozi ya mlongo wake ichitike, kuti Posy akhalepo. Pambuyo pake bambo ake amwalira ndi khansa, koma iye amapitabe kukacheza nawo ku masiku akale. Mkazi wake Mary atapempha mwana wachitatu, Tim adziwa kuti mwanayo akangobadwa, njira yopita kwa bambo ake yatsekeka mpaka kalekale. Avomera. Lamulo limodzi lomweli labala zisankho ziwiri zowawa, ndipo n'chifukwa chake ndimaiika filimuyi pamwamba pa ina ija ngakhale ilibe galimoto yochititsa kaso.

Palinso olemba amene amati zakale sizisinthika konse. Mu The Terminator ya 1984, John Connor atumiza msilikali Kyle Reese kuchokera mu 2029 kuti akateteze mayi ake, Sarah. Kyle akondana ndi Sarah, apereka mimba ya John yemweyo, n'kufa. Ulendowo sunasinthe kanthu. Ndi umene unachititsa zonse. Sarah, amene ankagwira ntchito yoperekera zakudya, asanduka mayi wothawathawa.

Mwa mafilimu onsewa, imene maziko ake ndi sayansi yotsimikizika ndi Interstellar ya 2014, ya Christopher Nolan, amene anagwira ntchito ndi katswiri wa sayansi Kip Thorne. Albert Einstein anasonyeza kuti pamene mphamvu yokoka zinthu ndi yaikulu, nthawi imayenda pang'onopang'ono. Izi si nthano: mawotchi a masetilaiti a GPS, amene foni yanu imadalira posonyeza pamene muli, amathamanga pang'ono kuposa a pansi pano ndipo amachita kuwakonzeratu. Mufilimuyi Cooper, woyendetsa chombo cha m'mlengalenga, atera pa dziko lina pamene ola limodzi ndi zaka 7 za kuno. Zinthu zitasokonekera, abwerera m'chombo n'kupeza kuti zaka 23 zadutsa. Akhala pansi kuonera mauthenga amene anaunjikana. Mwana wake Tom akuoneka ali mnyamata, kenako wapeza mkazi, kenako wanyamula khanda, kenako akunena za maliro. Pomaliza atulukira Murph, amene anamusiya ali kamtsikana, akunena kuti lero wafika msinkhu umene bambo akewo anali nawo pochoka. Aliyense wa ku Ngabu kapena ku Bangula amene bambo ake anapita ku Joni n'kumangomveka pa WhatsApp, n'kubwera ana atakula osawazolowera, safunika kumumasulira chigawo chimenechi.

Ophunzira anga akayesa kulemba nkhani zotere, ambiri amathamangira ku madzi osefukira, kaya a Januwale 2015 kapena a namondwe Freddy mu Malichi 2023. Sizodabwitsa kwa ife a m'chigwa cha Shire. Nkhani yawo imakhala yakuti mnyamata wabwerera, wachenjeza mudzi wonse wa ku Makhanga, anthu asamukira kumtunda, onse apulumuka. Ndimawabwezera pepala. Choyamba, ndani amukhulupirire? Mayi ake ayankha kuti, "Mwanawe, mbewu zili m'munda, mbuzi zili m'khola, manda a agogo ako ali pompano. Ndipite kuti chifukwa cha maloto?" Kukambirana kwa awiriwo pakhonde, mitambo isanayambe n'komwe kuda, ndi kumene woonera angakumbukire. Chachiwiri, akapambana wataya chiyani? Wophunzira wina anabwera ndi yankho limene ndinalilandira: mnyamatayo mkazi wake anakumana naye pamzere wolandirira ufa ku kampu, pasukulu imene anathawirako madzi ataononga mudzi, ndipo pano ali ndi mwana wa chaka chimodzi. Akapulumutsa mayi ake, ku kampuko sakafika. Seweroli tikulilembabe, ndipo kalasi yagawanika pakati pa nkhani ya amene apulumuke.