Kulemba "Xmas" Sikufufuta Dzina la Khristu

Disembala akangofika, uthenga uja umayambanso kuzungulira pa WhatsApp kuno ku Nkhotakota: akuti wolemba "Xmas" wakhwatcha dzina la Khristu, ndipo ndi ntchito ya satana. Chaka chatha mwana wina kwathu anakalipiridwa ndi agogo ake mpaka kulira, kaamba kolemba choncho pa kapepala kowafunira zabwino. Zinandimvetsa chisoni kwambiri.

Mphekeserayi ndi yabodza. X ameneyu si uja aphunzitsi amalemba ndi inki yofiira mukalakwa samu. Ndi chilembo cha Chigiriki chotchedwa Chi, choyamba m'dzina la Khristu m'chinenero chimene Chipangano Chatsopano chinalembedwamo. Akhristu akale ankafupikitsa dzina la Ambuye pophatikiza zilembo zooneka ngati X ndi P, ndipo chizindikirochi chinafala m'zaka za m'ma 300, nthawi ya mfumu Constantine ya ku Roma. Mpaka lero mudzachiona pa zovala za ansembe ndi pa maguwa m'matchalitchi ambiri a Katolika ndi Anglican.

Ineyo ndimakonda kulemba "Khirisimasi" monse, koma mwana uja sanakane Yesu ayi. Ankangofuna agogo ake asangalale tsiku la mpunga ndi nkhuku.