Kodi meya wa ku Derry anangomuika popanda chisankho?

Mayi Lilian Seenoi-Barr atakhala meya wa Derry ndi Strabane, ku Northern Ireland, mu 2024, mphekesera zinawanda pa intaneti zoti munthu wothawa kwawo angomuika pampando popanda kumuvotera. Bodza limeneli limandipweteka mtima.

Mayiwa anathawa ku Kenya n'kufika ku Northern Ireland mu 2010. Mu 2012 anayambitsa bungwe la North West Migrants Forum, lothandiza anthu obwera. Mu 2023 anthu a ku Foyleside, dera la mumzinda wa Derry, anawavotera kukhala khansala wa chipani cha SDLP.

Kumeneko meya savoteredwa payekha. Zipani zimagawana mpandowo potengera makhansala omwe chilichonse chapeza, ndipo chipani chikafika nthawi yake chimatchula khansala wake kuti atumikire chaka chimodzi. Amene anali pampandowo mayiwa asanalowe analowanso chimodzimodzi.