Msonkhano wa Lachisanu masana

Ntchito yanga ndi yoyang'anira ogwira ntchito, ndipo kwa zaka zingapo ndinaigwira mu ofesi ina ya kazembe ku Lilongwe ndisanabwerere kwathu kuno ku Zomba. Anthu akamva za ofesi ya kazembe amaganiza za azungu ndi mbendera. Koma ambiri ogwiramo ndi ife tomwe: madalaivala, alonda, ophika, owerengera ndalama, omasulira. Aliyense amalowa pageti ndi chipembedzo chake.

Tsiku lina ndinakonza ulendo wa alendo obwera kudzaona ntchito kuno ku Zomba. Msonkhano ndinauika Lachisanu, 12:30 masana. Dalaivala wathu, bambo wachikulire wa ku Domasi, sanadandaule. Anaimika galimoto, nakhala phee kudikira alendo, mzikiti uli chapompo. Madzulo ndi pamene mnzake anandinong'oneza kuti, "Bwana, akuluwa lero aphonya swala ya Lachisanu." Ndinachita manyazi. Palibe amene anawaletsa kupemphera, chinawaletsa ndi ndandanda imene ndinalemba ndekha.

Tsankho la pantchito nthawi zambiri limayenda choncho, mwakachetechete. Phwando la tsiku la ufulu wa dziko la kazembe likagwa Loweruka, wa Seventh Day amayenera kusankha pakati pa Sabata ndi bwana. Chakudya chikabwera, nkhuku yaotchedwa pamodzi ndi nkhumba, Msilamu amangotola buledi. M'mwezi wa Ramadan timaika maphunziro olemetsa masana, anthu ali ndi ludzu. Ndiye pali pemphero lotsegulira msonkhano: n'chifukwa chiyani amene timamuloza kuti atipempherere amakhala wa mpingo womwewomwewo?

Asilamu si ochepa ayi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti ndi 13.8 peresenti ya Amalawi, ndipo kuno kum'mawa, ku Machinga ndi ku Mangochi, ndi ochuluka kwambiri.

Malamulo alipo. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa tsankho, gawo 33 limateteza ufulu wa chipembedzo, ndipo lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kusala munthu pantchito chifukwa cha chikhulupiriro. Ena amati ofesi ya kazembe siikhudzidwa. N'zoona kuti akazembe ali ndi chitetezo chapadera, komabe mgwirizano wa ku Vienna wa 1961, womwe umawapatsa chitetezocho, umawauzanso m'ndime 41 kuti azilemekeza malamulo a dziko limene akukhalamo. Ndipo kuno ku Zomba komwe, mu 2023, bwalo lalikulu linagamula kuti ana a chi Rasta asakanizidwe sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo. Wolemba ntchito aliyense ayenera kuti anamva.

Chimene ndinasintha ine n'chaching'ono. Kumayambiriro kwa chaka ndinkakhala ndi aliyense payekha, osati pagulu, n'kufunsa masiku ndi nthawi zimene sangagwire ntchito. Mlonda sangauze bwana wake yekha zimenezi, amaopa kuoneka wovuta, kontirakiti n'kutha osaonjezeredwa. Kufunsako kuyenera kuchokera kwa wamkulu. Tinapatula kachipinda koyera kokhala ndi mpopi pafupi, alonda anayamba kusinthana mashifiti a Lachisanu ndi Loweruka, ndipo wophika tinamuuza kuti nyama azigula ya halaal, miphika ya nkhumba ikhale payokha.

Ulendo wotsatira wa ku Zomba, msonkhano unayamba 2 koloko. Bambo aja anabwera kuchokera kumzikiti, chisoti chili kumutu, n'kutitsegulira chitseko cha galimoto.