Phazi Lathyathyathya: Kuwongola Fupa Sikuchotsa Katundu

Ndatopa nawo mawu akuti, "Adokotala, ingodulani fupalo muliwongole." Phazi lili ndi mafupa 26, ndipo mukasuntha limodzi, kulemera kwa thupi sikupita kwina ayi, kumangosamukira pa fupa loyandikana nalo. Kwa akuluakulu vuto la phazi lathyathyathya limayamba kawirikawiri mtsempha wa posterior tibial, umene umalumikiza mnofu ndi mafupa a phazi ndipo umadutsa kumbuyo kwa kakolo wa mkati, ukafooka. Pansi pa phazi pamatsika, chidendene n'kupendekera kunja.

Kuti aone kumene katunduyo amasamukira, akatswiri amamanga phazi mu kompyuta kuchokera pa zithunzi za m'kati mwa thupi zotchedwa CT ndi MRI, n'kuligawa m'tizidutswa tambirimbiri, njira yotchedwa finite element. Kenako amaliponditsa pansi, amaliyesa opaleshoni, n'kuliponditsanso. Chidendene chikadulidwa ndi kusunthidwira mkati pafupifupi mamilimita 10, mbali ya mkati imapepukidwa. Njira ina imene dokotala wa mafupa Dillwyn Evans anafotokoza mu 1975, yotalikitsa mbali ya kunja polowetsamo kachidutswa ka fupa, imakonza maonekedwe bwino kwambiri, koma kachidutswako kakakula mopitirira, kompyuta imaonetsa katundu akuunjikana m'mphepete mwa phazi cha ku chala chaching'ono. Pa X-ray phazi lotero limakongola, pamene mwini wake akutsimphina. Komabe sindiikhulupirira kompyutayo kotheratu, chifukwa kulimba kwa mitsempha imene imaikidwamo nthawi zambiri kunayezedwa pa mitembo, osati pa wodwala amene wakhala patsogolo panga.

Maopaleshoni awiriwa amathandiza phazi likadali lofewa. Mayi wina wa zaka za m'ma 50 sandichoka m'mutu. Anayamba kumva kupweteka ndi kutupa mkati mwa kakolo, nsapato ikutha mbali imodzi, ndipo anapirira zaka zingapo akuuzidwa kuti ndi nyamakazi. Wina anamusisita mafuta, wina anamutema mphini, chikhalirecho mayiyo ali ndi matenda a shuga. Mphini imodzi inasanduka bala limene linatitengera miyezi kuti lipole. Pofika kwa ine sankathanso kunyang'ama ndi mwendo umodzi, ndipo nditagwira chidendene kuti ndichibwezere pakati, sichinasunthe n'komwe. Akanabwera msanga, mwina chotchingira kakolo ndi masewera olimbitsa mtsemphawo zikanakwanira. Chimene chinatsala kunali kumangirira pamodzi malo atatu olumikizirana mafupa a kumbuyo kwa phazi kuti asamasunthenso, ndipo mpaka lero akamatsikira kudimba amadalira ndodo.